Goloboyi Wako Nachisale

Kawale, Lamulungu masana

Limbani mwana wanga,

Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi tinakhala awiriwiri pa benchi ya m'khonde la chipatala, tikudikira kuti nthawi yoona odwala ikwane. Sindikudziwa ngati ukukumbukira. Unavala juzi yofiira imene inali itayamba kukuchepera m'mikono, ndipo fulasiki ya phala unaikumbatira ndi manja awiri. Unandifunsa kuti, "Adadi, amama achira?" Dzulo lake adokotala anali atandiuza zinthu zimene ine ndemwe zinandikanika kumeza. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa foni, n'kukutsegulira kagemu kaja koyendetsa galimoto. Unasewera mpaka anatsegula chitseko. Sunafunsenso, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Ndinaona ngati ndapeza nzeru. Kwa zaka zinayi zimene amayi ako ankalowa ndi kutuluka m'chipatala, ukangotsegula pakamwa kuti ufunse, ine ndinkakupatsa foni.

Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Blantyre kukayamba ku yunivesite. Ndakutuma m'tauni dala kuti ndipeze mpata wolemba, chifukwa ukudziwa kuti pakamwa panga ndi polemera. Pali chinthu chimene ndinakuchitira zaka ziwiri zapitazo chimene sukudziwa kuti ndinachita ndine, ndipo mnzako Yusufu ndi amene wakhala akusenza mlandu wake. Ndichinena m'kalata muno. Ukachimva mwina sudzafuna kubwera pa holide, mwina foni yanga uzidzangoiyang'ana ikulira. Ndaziganizira sabata yonse zimenezo. Koma undilole ndiyambire kutali, chifukwa ndikayambira pomwepo dzanja likana.

Anthu otchuka ndinayamba kuwapembedza ndine, iwe usanabadwe. Ndili ku koleji ku Zomba kunali woimba wina amene ankavala chipewa chakuda chopendekera mbali imodzi. Dzina sinditchula, makaseti ake akadali m'katoni pansi pa bedi langa. Ndinagula chipewa chonga chake, ndinaphunzira kuyenda ngati iye, ngakhale kutsokomola kwake asanayambe kuimba ndinkakutengera. Nditayamba kuwafunsira amayi ako, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Dowa, kalata yanga yoyamba ndinaidzaza ndi mawu a m'nyimbo zake, masamba atatu. Inabwerera patatha sabata ziwiri. Pansi pake analemba ndi cholembera chofiira chochongera ana: "Bambo, nyimbozi ndimazimva kale pa wailesi. Ngati muli ndi mawu anuanu, nditumizireni amenewo." Zinanditengera mwezi wathunthu kuti ndipeze mizere inayi yangayanga, ndipo inali mizere yopunduka. Koma imeneyo ndi imene anaisunga. Limbani, kumene ukupitako ukapeza anyamata olankhula ngati munthu wa pa foni amene amamuonera, oseka ngati iye, okwiya ndi zimene iye wakwiya nazo. Suwaletsa, ndipo nawenso nthawi zina uzikatero. Koma ukamalankhula ndi munthu amene umamukonda, uzikafufuza mawu ako, ngakhale akhale ochepa ndi osakoma.

Woimbayo ndinadzakumana naye patapita zaka, nditayamba kale ntchito ku nyumba zosungira fodya ku Kanengo. Anzanga a ku ofesi ananditengera pa malo ena omwera ku Area 47, ndipo ndinamupeza atatsamira galimoto panja. Ndinamuyandikira. Ndinamuuza kuti nyimbo zake zinandilera. Anandipatsa dzanja maso ali kuseri kwa phewa langa, n'kunena kuti, "Zikomo bigi, pitirizani kusapota." Ndisanachoke n'komwe panafika munthu wina, ndipo anamuuza mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Sindimuda. Iye sanandinamize, ndinadzinamiza ndekha. Kwa zaka khumi ndinkadziwa dzina la mkazi wake, la mudzi wake, matenda a ana ake, pamene iye sankadziwa kuti ndinabadwa. Usaiwale zimenezi, mwana wanga. Munthu wotchuka ungathe kumukonda, koma iye sadzabwera kudzakuzonda ukadwala.

Cholakwa china ndi cha tsitsi lija. Amayi ako atamwalira unali mu Fomu 1, ndipo mutu wako unali wometedwa ngati wa katswiri wa mpira uja wa kunja amene chithunzi chake unamata kuseri kwa chitseko: m'mbali mopalidwa, mzere umodzi wodutsa pamwamba pa khutu, nsonga zake zopakidwa chikasu. Titawaika m'manda ku Dowa, linafika tsiku lometa, monga mmene amachitira kwawo kwa amayi ako, kuti abale onse apafupi achotse tsitsi limene maliro anawapeza nalo. Amalume ako anakhala pa mpando ndi lezala, anthu akupita mmodzimmodzi. Itafika nthawi yako unagwira mutu ndi manja awiri n'kunena kuti, "Ine ayi." Anthu anayamba kunong'onezana. Ndinamva mayi wina akuti, "Ana a m'tauni, mayi wake wafa iye akulirira sitayilo." Amalume ako anandiyang'ana n'kuti, "Alamu, mwanayu ndi wanu kapena timugwire ife?" Ndinachita manyazi, ine wa digiri amene mwana wandikanika pamaso pa akuchikazi. Ndinakugwira mapewa ndekha mpaka lezala inamaliza. Sunalire, unangoyang'ana tsitsi lachikasulo likugwera m'fumbi.

Patapita miyezi itatu ndinapita kukameta kwa ometa a pa msika wa Kawale aja, ndipo ali mkati mondimeta anati, "Pepani za mayi aja. Anabwera ndi mwana pano sabata yomwe anagonekedwa komaliza, akuchita kupumira m'njira. Ndinawauza kuti kusukulu akam'bweza ndi mutu umenewu, iwo akuti mumeteni mmene akufuniramo, ndikufuna ndimuone akusangalala." Atandipukuta m'khosi ndinalipira n'kutuluka. Ndinabwera kunyumba ndili ndi mawu opepesa m'kamwa, ndinakupeza uli pa foni, ndipo ndinadziuza kuti ndisakusokoneze. Zoona zake n'zakuti foniyo inandipulumutsanso. Pepa, Limbani. Ndikanangokufunsa mawu amodzi oti "chifukwa chiyani" ndisanakugwire. Ukadzaona munthu akukakamira chinthu chooneka chopusa, gemu, chithunzi, nyimbo, uzimufunsa kaye.

Chaka chotsatiracho nyumba ino inali ya anthu awiri ndi mafoni awiri. Iwe kuchipinda kwako, ine pabalaza. Ndinkakudzudzula kuti ukutha maso ndi magemu, pamene ine ndinkaweruka ku Kanengo n'kukhala pa mpando osavula nsapato, kumatsatira za anthu otchuka: uyu wasiyana ndi mkazi wake, uyu wagula galimoto, awa akutukwanizana. Ndinkawerenga ndemanga za anthu mpaka yomaliza. Zinkandithandiza mmene mowa umathandizira ena. Kenaka woimba wanga wa chipewa uja anamwalira. Ndinaonera mwambo wa maliro ake wonse pa foni, ndipo ndinalira mokweza, mamina ndi misozi, ine amene pa maliro a amayi ako ndinangoima ngati mtengo anthu n'kumandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Unatuluka kuchipinda, unaima pakhomo, n'kufunsa kuti, "Adadi, anali m'bale wathu?" Sindikudziwa ngati unkandinyoza kapena unkafunsadi. Ndinati ayi. Unabwerera n'kutseka chitseko. Ndikanakuuza kuti sindikulira iyeyo, ndikulira amayi ako, Nachisale, kungoti misozi yapeza khomo lolakwika. Mwina tikanalira limodzi tsiku limenelo. Usadzachite zimene ndinachitazi. Chisoni chako usamakachipereke kwa anthu a pa sikirini chifukwa choti iwo sangakuone nkhope. Upite nacho kwa munthu amene angakugwire dzanja.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi.

Uli mu Fomu 4, mayeso atatsala miyezi inayi, aphunzitsi ako a masamu anandiimbira kuti masana sukuoneka ku makalasi owonjezera. Ndinafufuza mpaka ndinamva kuti umakhala kwa Che Jafali, bambo a ku Mangochi aja okonza ma TV kuseri kwa magaraji a ku Biwi, amene kuchipinda chakumbuyo anaikako makina atatu a gemu ya mpira. Lachitatu lina ndinaweruka msanga kuti ndikakukoke khutu. Ndinasuzumira pa zenera. Unali pa benchi ndi Yusufu, aliyense atagwira kake kosewerera, anyamata ena atakuzungulirani. Unagoletsa, n'kudumpha, n'kumumenya Yusufu pamsana, iye akuti, "Iwe mfana umakhwima, chigoli chanji chimenechi?" Unaseka mutu uli chagada. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chichokere amayi ako. Ndinayenera kusangalala. M'malo mwake m'chifuwa munandiwawa, chifukwa m'nyumba mwanga sunkaseka choncho. Sindinalowe. Ndinabwerera osakuonetsa nkhope.

Lachisanu lake ndinapitanso, iwe uli kusukulu, Che Jafali atangobwera kumene kuchokera ku mzikiti. Ndinawauza kuti ndine bambo ako ndipo ndikufuna zamasewerazi zithe. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando, n'kundifotokozera kuti si kusewera chabe: unali ndi timu yako m'makinamo imene unaimanga kwa zaka zitatu, kugula osewera, kugulitsa ena, kukwera nayo kuchokera pansi. Ndinati basi, ndiye timu imeneyo ifufutidwe.

"Bambo a Limbani," anatero, "taonani kaye chinthu chimodzi musanalamule."

Anayatsa makina n'kutsegula timuyo. Mayina onse anali a akatswiri a kunja, ena oti sindingathe kuwatchula. Koma pa golo, pa msana wa goloboyi wovala zobiriwira, panalembedwa kuti NACHISALE.

"Dzinali analemba yekha," anatero Che Jafali. "Goloboyi ameneyu ndi wakale, wafooka, amalowetsa zigoli zoti mwana angagwire. Anzake amamuuza kuti gula wina. Iye amangoti, amenewa satuluka m'bwalo."

Ndinakhala ndikuyang'ana munthu wa m'makinayo akudumphadumpha pa mzere, akuomba m'manja mwake. Dzina limeneli amayi ako ndinkawaitana nalo ndine ndekha m'nyumba muno. Sindinkadziwa kuti unkalimva.

Ndinati, "Fufutani."

"Bambo, izi si zanga. Ndi za mwana."

"Mwanayo ndi wanga."

Anapukusa mutu. Ndiye ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinawaopseza kuti ndikawanenera ku komiti ya makolo kuti amasunga ana a sukulu nthawi ya makalasi, ndipo malo awo atsekedwa. Ndinkadziwa kuti si zoona, chifukwa wa yunifolomu sankamulola m'mawa. Anandipatsa kosewerera kaja n'kundilozera batani. "Dinani nokha," anatero. "Dzanja langa lisakhudzeko." Makinawo anandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera. Anafunsanso kachiwiri. Ndinavomeranso.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikudziuza kuti ndinachitira mayeso ako, ndipo mwina pang'ono n'zoona. Koma ndikadzifunsa moona mtima ndimapeza china. Iwe unali ndi malo amene unkakumana ndi amayi ako masana alionse, ine ndinalibe. Unawapezera pokhala popanda kundifunsa, ndiponso popanda kundiitana. Ndikuganiza kuti inali nsanje, Limbani. Bambo kuchitira nsanje mwana wake chifukwa cha kachidole ka m'makina. Ndalemba mawu amenewa katatu n'kumawafufuta, koma ndi omwewo.

Zotsatira zake ukuzidziwa kuposa ine. Che Jafali anakuuza kuti magetsi anabwera mwamphamvu n'kusokoneza makina, pofuna kundibisa. Sunakhulupirire, chifukwa matimu a anzako onse analipo. Amene ankadziwa nambala yako yachinsinsi, kupatula eni malowo, anali Yusufu yekha, ndipo iye ankakonda kukuseka kuti tsiku lina adzamugulitsa goloboyi wakoyo iwe utapita kokodza. Unabwera kunyumba malaya atang'ambika, dzanja litatupa, n'kundiuza kuti wagwa pa njinga. Ndinakupaka mankhwala ndikudziwa kuti dzanjalo lathyola dzino la mwana wosalakwa. Yusufu amene ankavula nsapato pakhomo pathu, amene ankadya nafe Loweruka n'kumandinamiza kuti ndiwo zanga zikukoma, sanapondenso pano. Iwe unatenga mabuku n'kuyamba kuwerenga ngati munthu wobwezera chipongwe. Unakhoza bwino koposa. Kutchalitchi anthu ankandigwira dzanja n'kumati, "Mwalera bwino abambo, nokhanokha chonchi." Ndinkayankha kuti ndi chisomo. Ukanalephera mwina ndikanaulula msanga. Kukhoza kwakoko kunandipatsa pobisala.

Dzulo ndinapita ku Biwi. Ndinayamba kwa Che Jafali, ndinawapepesa, iwo anangoti zinapita, koma sanandipatse mpando. Kenaka ndinapita pa garaji pamene Yusufu akuphunzira ntchito. Ndinamupeza ali pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka. Atatuluka anapukuta manja n'kundipatsa mkono m'malo mwa chikhatho chifukwa cha girisi. "Adadi a Limbani, mwasowatu. Amfana ali bho?" Akamalankhula dzino lija limaonekera, lotsala theka. Ndinamuuza zonse, nditaima pakati pa matayala, anzake akutiyang'ana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Ndimadziwa, adadi. A Jafali anandiuza chaka chatha." Ndinamufunsa chifukwa chimene sanabwere kudzakuuza kuti adziyeretse. Anakweza mapewa n'kuti, "Mfana uja anatsala ndi inu nokha. Ndimati mudzanena nokha." Mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene sanapite patali ndi sukulu, wandisungira ulemu umene ine ndemwe sindinadzisungire. Ndikutembenuka kuti ndizipita anandiitana. "Akupita Lolemba eti? Muwauze asakanyade kumeneko. Ndipo muwauze kuti goloboyi uja analidi wofoyira." Anaseka, koma anafulumira kubwerera pansi pa galimoto.

Sindikuuza kuti usakasewere gemu. Ndilibe nkhope yonenera zimenezo, ndiponso ndinaona ndi maso anga kuti nthawi imene ine ndinalephera, chimene chinakugwira kuti usagwe ndi benchi ya kwa Che Jafali ija. Ukasewere. Koma uzikadzifunsa ngati ukusewera chifukwa wasangalala kapena chifukwa pali chimene ukuthawa. Kusiyana kwake ukudziwa: yoyambayo ukadzuka umakhala wopepuka, yachiwiriyo ukadzuka umapeza chinthu chija chikukudikira pakhomo, chitakula. Ukaona kuti wayamba kudumpha chakudya, kudumpha kalasi, kukwiyira mnzako wa m'chipinda chifukwa wakulankhula uli pakati pa masewera, uime. Ndipo uzikasewera ndi anthu amene ungathe kuwamenya pamsana, osati okhawo a kutali amene sudzawaona nkhope.

Za anthu otchuka ndanena kale, koma ndibwereze chifukwa ine ndinazimva mochedwa. Ukaona anzako ena akudzida chifukwa alibe nsapato za uje, atsikana akudzisintha khungu kuti afanane ndi uje, anyamata akudana chifukwa oimba awo awiri akudana. Iwenso tsiku lina udzayang'ana moyo wa munthu pa foni n'kuona ngati wako ndi wachabe, wa mwana wa ku Kawale wa sutikesi imodzi. Tsiku limenelo uzimitse foni, utuluke panja, ukapeze munthu woti umupatse moni. Amene umawaona pa sikiriniwo amakuonetsa ola limodzi labwino la sabata yawo. Enawo amalira ngati ife.

Ndipo munthu akakufunsa funso lovuta, kaya ndi mnzako, kaya mkazi amene udzamukonde, kaya mwana wako m'tsogolo muno, uike pansi chimene wagwira, umuyang'ane. Ngati yankho ulibe, unene kuti ulibe. Usamupatse chinthu choti chimutseke pakamwa.

Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Sindikudziwa ngati ine ndikanatha, akanakhala bambo anga atandichita zotere. Ukafuna kukwiya, ukwiye, ndipo ukwiyire ine, pamaso panga, ndi mawu ako. Ndingakonde kumva ukundikalipira kusiyana ndi "zili bwino adadi" amene wakhala ukundipatsa zaka zonsezi. Ukasankha kukhala chete teremu yonse, ndidzadikira. Chipinda chako sindidzasuntha kanthu.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi, ndipo si changa. Usakwere basi ija usanaonane ndi Yusufu. Unamumenya chifukwa cha bodza langa, koma dzanja linali lako, ndipo ndi iwe wekha amene ungakaime pamaso pake. Pa garaji yawo amagwira ntchito ngakhale Lamulungu, amatseka dzuwa likamalowa. Ukanyamuka ukangomaliza kuwerenga, umupeza.

Poyamba ndinaganiza zoilowetsa kalatayi pansi pa zovala m'sutikesi, kuti ukaipeze uli kale ku Blantyre, ine ndili kutali ndi nkhope yako. Ndikanatero ndikanakhala ndabisalanso, ndipo ukanapita osamuona mnzako. Ndakumva tsopano ukupatsana moni ndi anebawo kunja kwa mpanda. Ndikupinda mapepalawa, ndikupatsa m'manja ukangolowa, ndipo ndikakhala pakhonde pamene ungandipeze ukamaliza. Foni yanga ndaisiya kuchipinda.

Ndine bambo ako,
amene ndinadina batani lija kawiri.